Woyimba akabwerera pa siteji atasowa zaka: aoneke bwanji, nanga mantha atani nawo?

Nachisale (Chitakale): Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za zoyimba. Tiyerekeze woyimba wamkazi wa nyimbo zovinitsa, amene anatchuka ndithu kuno kwathu, kenako n'kukhala zaka 5 osagwira maiki. Pano akufuna kubwerera ndi shoo ya panja mu Okutobala konkuno ku Mulanje, yoyamba masana mpaka usiku. Kwatsala miyezi iwiri. Thupi linasintha, mawu anasinthako, ndipo achinyamata ena sakumudziwa n'komwe. Avale chiyani, nanga atani kuti asakanjenjemere anthu akamuyang'ana? Chonde osandiuza kuti "angolimba mtima", amenewo ndi malangizo a mu minibasi.

Madala a Besi (Luchenza): Achemwali, za zovalazo ziyambe zadikira. Chimene chimagwetsa obwerera ndi mpweya. Ku situdiyo munthu amayimba mzere umodzi, n'kupuma, n'kumwa madzi, n'kubwereza. Pa siteji ndi mphindi 45 ataimirira, akuvina, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Ikafika nyimbo yachinayi befu wamugwira, mizere akuidulira pakati, ndipo iye mwini akudzimva kuti zikuvuta. Mantha enieni amayambira pamenepo.

Aphunzitsi a Kwaya (Thyolo Boma): Madala anena zoona. Masabata 8 ndi okwanira ngati agawidwa bwino. Masabata awiri oyamba ndi a mawu okha, mphindi 20 mpaka 30 patsiku, osapitirira. Timinofu ta m'kholingo tikakhalitsa osagwira ntchito yolemera timatopa msanga, ndipo woyamba ndi maola atatu tsiku loyamba, mawa lake mawu amakhala atasasa. Asanayimbe nyimbo iliyonse azitenthetsa mawu kwa mphindi 15: kung'ung'udza atatseka pakamwa, kunjenjemeretsa milomo kuti brrr uku akukwera ndi kutsika, kenako kuyimbira m'kapaipi komwera zakumwa kataviikidwa pang'ono m'botolo la madzi. Kapaipiko kamabweza mpweya pang'ono kukholingo, ndiye mawu amatuluka popanda kufinya mmero.

Sabata lachitatu ndi lachinayi akumane ndi bandi, ntchito yaikulu ikhale kuyesa makiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa mawu kumene nyimbo iliyonse imayimbidwira. Mawu a amayi ambiri amatsikirako zaka zikamapita. Nyimbo imene ankaifikira bwinobwino kale mwina pano ikufuna itsitsidwe ndi theka la sitepe kapena sitepe yathunthu. Palibe womvera amene adzadziwe kuti kiyi yatsika, koma aliyense adzamva mawu akathyoka pa kolasi. Kiyi yatsopano ilembedwe papepala la aliyense wa mu bandi.

Sabata lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi, pulogalamu yonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osaima, kawiri pasabata. Akalakwitsa apitirire, chifukwa chimene akuphunzira ndi kupitirira kumeneko. Sabata lotsatira achite zomwezo atavala zovala ndi nsapato za tsikulo. Sabata lomaliza achepetse, ndipo tsiku loti mawa ndi shoo asacheze pa foni maola ambiri. Kulankhula mokweza kumatopetsa mawu kuposa mmene anthu amaganizira, ngakhalenso kunong'ona sikupumitsa kholingo ayi.

Madala a Besi (Luchenza): Onjezani kuyenda. Kuno zitunda n'zosasowa. M'mawa uliwonse mphindi 30 m'misewu ya m'minda ya tiyi, kapena kukwererako cha ku Likhubula, akuyimba chapansipansi pokwera. Tsiku limene adzathe vesi ndi kolasi pachitunda osadula mzere, ndiye kuti mpweya wabwerera.

Junior wa Poster: Koma akuluakulu bwanji osangoika CD, iye n'kumangotsegula pakamwa? Ambiri akutero.

Achimwene a Mikisa (Luchenza): Junior, pa shoo yobwerera ayi. Anthu adzabwera kudzamva ngati mawu aja alipobe, ndipo oimirira kutsogolo amaona mmero ngati ukugwira ntchito. Kompyuta ikangodukiza, pakamwa pali yasa, mawa kanema ali pa WhatsApp paliponse. Chimene chingatheke ndi kusiya mawu ovomereza okha mu nyimbo yojambulidwayo, koma oyimba awiri amoyo kumbuyo kwake ndi abwino koposa, chifukwa amatha kumunyamula akaona kuti mpweya wamuthera.

Tsono za mbali yanga. Woyimba wooneka wamantha nthawi zambiri ndi woyimba amene sakudzimva. Masipika aakulu amaloza kwa anthu, iye ali kumbuyo kwake, ndiye chimene chimamufika ndi besi ndi phokoso lobwerera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ngati pali khoma la sitolo kapena la sukulu pamtunda wa mamita 50, mawu ake amamubwerera patapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Akayamba kutsatira obwererawo, nyimbo imakokeka, woyimba ng'oma n'kumamuyang'ana ndi diso loipa. Mankhwala ake ndi monita, kasipika kapansi koloza kumaso kwake. M'menemo muzikhala mawu ake pamwamba, kiyibodi yomupatsa kiyi, ndi ng'oma pang'ono. Osadzazamo bandi yonse.

Monita ikhale kutsogolo kwake ndendende, kumene kwaloza mchira wa maiki. Maiki ngati Shure SM58 imamva kutsogolo ndipo kumchira siimva kwenikweni, n'chifukwa chake monita timaiika kumeneko. Woyimba akafumbatira mutu wa maiki ndi dzanja, monga amachitira anyamata a masiku ano, amatseka timabowo takumbuyo, maiki n'kuyamba kumva mbali zonse. Pamenepo mawu amamveka ngati ali mu chidebe, kenako tswiii uja. Agwire pa chogwirira, mlomo utalikire zala ziwiri, akafika pokuwa aitalikitseko pang'ono. Ikakhala yopanda waya asagwire kunsi kwenikweni, ambiri eriyo yake ili kumeneko, ndipo mabatire akhale atsopano oikidwa iye atatsala pang'ono kukwera, osati amene ayimbira otsegulira shoo.

China: jenereta. Magetsi owunikira ndi mafiriji a ogulitsa zakumwa asakhale pa waya umodzi ndi zokuzira mawu. Ndipo pakhomedwe pansi chitsulo cha earth, chotayira magetsi osokera m'nthaka. Popanda chimenecho maiki ya waya imatha kumuluma pamlomo, ndipo munthu amene walumidwa kamodzi nyimbo zonse zotsala amayimba akuithawa maiki.

Nachisale (Chitakale): Achimwene, nanga akafuna kuti mumukwezere monita ali pakati pa nyimbo?

Achimwene a Mikisa (Luchenza): Zizindikiro mugwirizane poyesa zida. Kuloza pakamwa kenako m'mwamba: kwezani mawu anga. Kuloza wa kiyibodi kenako pansi: mutsitseni. Kuyesa zidako kukhale kwa mphindi 30 zake yekha, anthu asanalowe, ndipo ayimbe ndi mphamvu imene adzayimbire usiku. Ambiri poyesa amangoti "one two" monyinyirika, wa pa mikisa n'kukweza, ndiye usiku akakuwa zonse zimalira.

Mayi Telala (Bvumbwe): Mwatha abambo inu? Tsopano za nsalu. Cholakwa choyamba ndi kutulutsa diresi la zaka 5 zapitazo n'kumati telala alikulitse. Chachiwiri ndi kusoka latsopano pa muyeso wa thupi limene akuyembekezera kudzakhala nalo akachepa. Muyeso ndi wa lero. Poyesa pachifuwa ndi m'nthiti, akoke mpweya wonse ngati akufuna kuyamba kolasi, tepi iyesedwe pamenepo. Chovala chothina pamimba chimakoma pa chithunzi, koma woyimba amapumira m'munsi, ndiye mukamumanga ndi koseti mwamulanda mpweya umene aphunzitsi akhala akuumanga masabata 8.

Ngati ndi chitenje, diresi lalitali lokhala ndi manja limadya mamita 4, kuposerapo ngati maluwa akufuna kukumanitsa pamsoko. Chichapidwe kaye chisanadulidwe kuti sitachi ichoke ndiponso chifupike chifupikiretu. M'misoko musiye masentimita 2 kapena 3 oti n'kudzamasula. Kukhwapa kuikidwe kansalu kooneka ngati dayamondi, kuti akakweza mkono diresi lonse lisakwere nawo. Zipi yobisika ija, yopyapyala, ndi imene imaphulika munthu akawerama. Ikani zipi yolimba ndi kangowe pamwamba pake. M'kati muikemo nsalu ya thonje, chifukwa ya nayiloni mu Okutobala ndi ng'anjo.

Poyesa chovala asangoima pagalasi. Akweze manja onse, anjute, azungulire, akhale pampando, akwere sitepe. Kuyesa kukhale kawiri, kutatsala masabata atatu ndiponso kutatsala masiku anayi, popeza mapulakatisi amasintha thupi. Mpendero uyesedwe atavala nsapato za tsikulo, utalikire pansi masentimita 3. Ndipo kumbukirani kuti siteji ikatalika mita imodzi, oima kutsogolo amayang'ana chokweza, mafoni ali m'manja. Kabudula wothina wamtundu wa diresilo avale m'kati, kuti maganizo ake asakhale pa kukoka siketi.

Mtundu: satini, wotuwa ndi wobiriwira mopepuka ngati mtambo zimaonetsa thukuta pofika nyimbo yachiwiri. Chitenje cha maluwa chimabisa. Maluwawo akhale akuluakulu, ang'onoang'ono munthu ali pamtunda wa mamita 20 amangoona zotuwa. Komanso, tisanamizane, kuno mtundu wa nsalu anthu amauwerenga ngati chipani. Sankhani mosamala kuti nkhani ya mawa isakhale imeneyo.

Junior wa Poster: Amayi, chitenje si chiwapangitsa kuoneka ngati akupita ku chinkhoswe? Ndi nyimbo za pop izi.

Mayi Telala (Bvumbwe): Chinkhoswe chili mu kasokedwe mwanawe, osati mu nsalu. Jekete lalifupi la chitenje pamwamba pa thalauza lakuda ndi la chinkhoswe? Ndipo jeketelo limakupatsa maonekedwe awiri pa mtengo umodzi: nyimbo zitatu zoyamba ali nalo, ikafika yovinitsa walivula. Kusintha zovala zonse pakati pa shoo kumafuna mphindi 4 kapena 5, chipinda chapafupi ndi munthu womuthandiza, apo ayi bandi imangozungulira anthu n'kuyamba kupita kukagula chipisi.

Wojambula wa ku Limbuli: Funso la Junior lili ndi nkhani mkati. Wobwerera ali ndi magulu awiri oti awakondweretse: omukumbukira, ndi omuona koyamba. Akabwera ndendende ngati kale, amaoneka ngati chithunzi chakale chimene chasuluka. Akasinthiratu, akale aja amati si yemwe uja. Njira ndi kusunga chizindikiro chimodzi chimene anthu ankamudziwira, kaya duku, kaya kametedwe, kaya mtundu umodzi wa nsalu, zina zonse n'kuzisoka pa munthu amene ali lero.

Onani amene anabwerera n'kukhazikika. Tina Turner mu 1984 anali ndi zaka 44. Sanabise msinkhu, anangosankha zinthu zochepa zomuyenera, tsitsi lalikulu lija, siketi yaifupi ndi gogoda, n'kukhala nazo mpaka munthu ankamuzindikira ndi mthunzi wokha. Celine Dion analengeza za matenda ake oumitsa minofu mu Disembala 2022, ndipo pa 26 Julaye 2024 anayimba potsegulira masewera a Olympics ku Paris ali pa Eiffel Tower. Nyimbo imodzi, ataima malo amodzi, ndi woyimba piyano pambali. Zonse zinakonzedwa molingana ndi zimene thupi lake likanatha tsiku limenelo. Brenda Fassie naye anadzukanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atabwererana pa ntchito ndi Chicco Twala, munthu amene ankawadziwa bwino mawu ake. Kwathu konkuno, agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anadziwikanso kwa achinyamata mu 2020 atayimba ndi Patience Namadingo ali ndi zaka pafupifupi 90, ndipo palibe amene anawasandutsa mnyamata.

Madala a Besi (Luchenza): Za Tina Turner ndi gogoda musawapusitse nazo achemwaliwa. Masiteji athu ndi matabwa okhomedwa dzulo, mipata ili pakati. Chidendene chosongoka chikalowa mumpata, shoo yathera pomwepo.

Mayi Telala (Bvumbwe): Pamenepo madala tagwirizana. Chidendene chachikulu chamakona, chosapitirira masentimita 5 mpaka 7, chokhala ndi lamba pakakolo. Nsapato yatsopano aivale m'nyumba sabata yathunthu, ndipo kunsi kwake kukwechedwe ndi sandipepa kuti isaterere. Ina yafulati idikire m'mbali mwa siteji.

Wojambula wa ku Limbuli: Za kuwala. Shoo yoyamba masana ili ndi mavuto awiri. Siteji ikayang'ana kumadzulo, kuyambira 3 koloko dzuwa lili m'maso mwa woyimba, nkhope yonse makwinya. Ikafulatira kumadzulo, anthu ndi amene akuyang'ana dzuwa, ndipo pa mafoni iye amangotuluka ngati chithunzithunzi chakuda. Iyang'ane kumpoto kapena kummwera. Mu Okutobala dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye iye akwere mdima utagwa, kunja kutazizirako, magetsi akugwira ntchito yake.

Magetsiwo: obwereketsa ambiri amangoyatsa obiriwira ndi abuluu ophethiraphethira. Pa khungu lathu lakuda buluu ndi wobiriwira amachititsa nkhope kuoneka yotuwa ngati phulusa. Kumaso kukhale magetsi awiri oyera mofundira, kapena achikasu pang'ono, limodzi kumanja lina kumanzere, ochokera m'mwamba mopendekeka madigiri 45. Amitundu aja akhale kumbuyo ndi m'mbali. Getsi lochokera pansi pa mapazi lokha limasandutsa munthu chipukupuku. Pamalo pamene kuwala kwagwera bwino pamatidwe tepi pa thabwa, kuti adziwe pobwerera akamaliza kuyendayenda. Chovala choyera mbee chimawala mpaka kamera n'kudetsa nkhope, ndipo timizere tating'ono timavina tokha pa kanema.

Junior, poster ikhale ndi chithunzi chatsopano, chojambulidwa atavala zofanana ndi za pa shoo. Osamuyeretsa khungu pa kompyuta. Anthu akayerekeza poster ndi munthu amene wakwera pa siteji, kunong'onezana kumayamba asanatsegule pakamwa, ndipo iye amakuona.

Nangondo wa Saluni (Mulanje Boma): Ine ndinene za kumutu. Guluu wa wigi ndi thukuta sizigwirizana. Pofika theka la ola kutsogolo kumayamba kutukuka, woyimba n'kumangogwiragwira pamphumi. Ngati ndi wigi, tsitsi lake lilukidwe mizere yogona, wigiyo isokereredwe lastiki yodutsa kunkhongo, ndi mapini anayi olowa m'mizeremo. Aiyese podumpha ndi kupukusa mutu. Ngati ndi zoluka, alukitse kutatsala masiku 4 kapena 5. Zoluka dzulo zimakoka khungu, mutu umawawa, nkhope siimasuka.

Zodzola kumaso zifanane ndi khosi, ndipo ziyesedwe panja padzuwa, osati m'chipinda. Paudala woyera uja akachuluka, kamera ikawalitsa amaoneka ngati wagwera mu ufa. Thukuta asapukute mokhula, azingodinda ndi kathaulo kakuda. Chodzola chilichonse chachilendo, makamaka guluu wa nsidze, chiyesedwe kutatsala sabata, chifukwa diso likatupa pa tsikulo palibe chochita. Kudzola kuyambe kutatsala maola awiri, kuthe kutatsala mphindi 30, kuti apeze nthawi yotenthetsa mawu. Ndolo zazitali zimakola mu tsitsi, zibangili zachitsulo zimagogoda maiki.

Achimwene a Mikisa (Luchenza): Zibangilizo mwandilankhulira achemwali. Zimamveka m'masipika onse.

Aphunzitsi a Kwaya (Thyolo Boma): Tibwerere ku mantha, popeza ngakhale zonsezi zitakonzeka mtima udzagundabe. Thupi likaona khamu limachita zimene limachita likaona ngozi: mtima kuthamanga, kukamwa kuuma, manja kunjenjemera, mpweya kukwera pachifuwa. Sizitha, koma zimachepa pakapita mphindi zochepa, ndiye nzeru ndi kukonza mphindi zoyambazo kuti zisafune kuganiza.

Kutatsala mphindi 5, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono mpaka 8, kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira. Kutulutsa kwakutaliko ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Bandi iyambe iye asanatulukire, kuti alowe nyimbo ikuyenda kale. Nyimbo yoyamba ikhale yakale imene aliyense amaidziwa, yosakwera kwambiri. Yatsopano ibwere yachitatu kapena yachinayi, itakhala pakati pa ziwiri zodziwika. Pa nyimbo yoyambayo maiki ikhale pa chitsulo chake, chifukwa maiki ya m'manja imaonetsa kunjenjemera mpaka kumbuyo. Mapazi atalikirane ngati mapewa, mawondo osaumitsa. Asankhe malo atatu oyang'ana, kumanzere, pakati ndi kumanja, mzere umodzi wa nyimbo pamalo amodzi. Maso othamangathamanga ndi oyang'ana pansi ndi amene amaulula munthu.

Mawu oyamba kulankhula awaloweze ngati vesi. Moni, kuthokoza, basi. Asayambe kupepesa ndi kufotokoza kumene anali zaka zonsezi, anthu alipira kuti avine. Ngati pali mafumu kapena akuluakulu, ulemu wawo uperekedwe ndi MC iye asanakwere.

Mantha amathamangitsa nyimbo, ndiye woyimba ng'oma akhale ndi metronome, kachipangizo kogunda mosunga liwiro la nyimbo, m'khutu kapena pa foni, liwiro la nyimbo iliyonse litalembedwa. Pansi pafupi ndi monita pamatidwe pepala la mndandanda wa nyimbo, lolembedwa ndi maka yaikulu, pamodzi ndi mawu atatu oyamba a vesi iliyonse. Munthu saiwala vesi yonse, amaiwala polowera. Akaiwalabe, alozetse maiki kwa anthu, koma kamodzi kapena kawiri. Kupitirira apo ayamba kufunsa kuti talipira kudzadziyimbira tokha kodi.

Junior wa Poster: Nanga katoti kamodzi kochotsa manyazi?

Madala a Besi (Luchenza): Kamodzi kamaitana kachiwiri. Mowa umachotsa manyazi pamodzi ndi khutu, munthu amaphonya kiyi akuganiza kuti akuswa.

Aphunzitsi a Kwaya (Thyolo Boma): Komanso umaumitsa thupi. Madzi ayambe kumwa m'mawa, pang'onopang'ono tsiku lonse. Madzi omwa pa siteji amangonyowetsa mkamwa, sadutsa pamene pamatuluka mawu, ndiye kholingo limapindula ndi amene anamwedwa maola angapo m'mbuyo. Adye kutatsala maola awiri kapena atatu, nsima yochepa, osati yodzaza mimba mpaka kutsekereza mpweya. Njala ikabwera, nthochi imodzi yakwana, kuno sitisowa. Maswiti ozizira kukhosi aja amabisa ululu, munthu n'kumakuwa osamva kuti akudzipweteka.

MC wa ku Muloza: Chimene simunatchule ndi ofupa. Wobwerera amakhala ndi anzake akale, azakhali, a kumpingo, onse ofuna kukwera kukamukumbatira ndi K2,000 m'manja. Ndi chikondi, koma amaponda mawaya, amakoka wigi, ndipo woyimba akayamba kulira mmero umatsekeka. Ikani lichero kutsogolo kwa siteji, anyamata awiri pa masitepe, ndipo MC alengeze kuti nyimbo yakutiyakuti ndiyo yofupira. Ikhale yosavuta, ya kolasi yobwerezabwereza, imene oyimba akumbuyo angaigwire okha.

Fumbinso. Okutobala anthu akayamba kuvina limakwera lonse kumaso kwa woyimba. Bwalo la kutsogolo liwazidwe madzi kutatsala ola limodzi, ndipo ootcha kanyenya akhale kumene mphepo ikupita, utsi usamadutse pa siteji.

Wojambula wa ku Limbuli: Ndiwonjeze chimodzi pa ndondomeko ya aphunzitsi. Kutatsala masabata awiri achite kashoo kakang'ono, anthu 30 kapena 50, mu holo ya sukulu ngakhale pakhonde, atavala zonse. Foni iikidwe kumbuyo kwenikweni ijambule osaigwedeza. Kanemayo aonere kawiri. Koyamba atatseka mawu, kuti aone zimene thupi likuchita: kukoka diresi, kugwira tsitsi, kufulatira anthu, kubisala pafupi ndi ng'oma. Kachiwiri amvere mawu okha osayang'ana. Paliponse pamene dzanja lapita pa chovala, chovalacho chibwerere kwa amayi a ku Bvumbwe.

Mayi Telala (Bvumbwe): Chibwere ndithu, koma osati Lachisanu madzulo shoo ili Loweruka.

Nachisale (Chitakale): Zikomo nonse, ndalemba. Limodzi lotsiriza: nanga kukachita mvula? Phiri ili silipangana ndi munthu.

Achimwene a Mikisa (Luchenza): Chiperoni chenicheni ndi cha miyezi yozizira, koma kumapeto kwa Okutobala chizimalupsa chimatha kugwa. Denga la lona likhalepo kuyambira m'mawa, lopendekera kumbuyo kuti madzi asadikhe pamwamba pa mitu ya oyimba. Molumikizira mawaya monse mukwezedwe pa matabwa, musagone pansi. Pakhale chiguduli ndi munthu wopukuta siteji, ndipo kapeti yakale ikhomedwe pamalo pamene woyimba adzaime. Kukayamba ziphaliwali, zimitsani zonse anthu atsike, shoo idikire.

Mayi Telala (Bvumbwe): Ndipo chitenjecho muchiyese ngati chimasuluka. Nyowetsani kansonga, mukhutize pa nsalu yoyera. Chikasiya mtundu, musachiphatikize ndi choyera chilichonse.